Kaseti ya m'phulusa

Amuna anga ankaimba besi. Ndi gitala ya nsambo zinayi zonenepa, imene siimveka kwambiri m'makutu koma imagunda m'chifuwa. Anali m'bandi ya anthu asanu, onse a ku Dowa, onse okulira pa mishoni. Woimba ng'oma anali mphunzitsi wa pulayimale. Wa kiyibodi anali kalaliki wa ku boma, amene anaphunzirira pa limba la m'tchalitchi. Panalinso wa gitala yaing'ono ndi woimba mawu. Amuna anga okha ndi amene sanali pa ntchito yolembedwa. Ankalima fodya ndi chimanga kufupi ndi Chezi, ndipo kumeneko n'kumene ananditengera kuchoka kwathu ku mapiri a ku Ntchisi.

Nyimbo zawo sizinali ngati za anzawo. Anatengera ku zimbale zimene mzungu wina wophunzitsa ku sekondale anasiya pobwerera kwawo, za anyamata a tsitsi lalitali. Nyimbo imodzi inkatha kudzaza mbali yonse ya kaseti. Inkayamba pang'onopang'ono ngati ya m'tchalitchi, kenako n'kuthamanga, kenako n'kusintha kagundidwe mwadzidzidzi, ovina n'kutsala mwendo uli m'mwamba. Ndimakumbukira tsiku lina pa Chisepo mwamuna wina atakuwa kuti, "Kodi nyimbo yanuyi ikafika liti kumene ikupita?" Aphunzitsi anayankha osasiya kumenya ng'oma kuti, "Tsikirani pompano, achimwene, ife tikafika mawa!" Komabe panali anthu ozikonda, ndipo nthawi zina zinkamveka pa wailesi.

Bandi inatha popanda mkangano. Woimba mawu anamwalira, aphunzitsi anawasamutsira kutali, akalaliki anapita ku Lilongwe. Amuna anga anatsala ndi nyimbo imodzi yatsopano imene anapeka okha. Anawaimbirako anzawo kamodzi, iwo n'kunena kuti adzaiphunzira akadzakumananso. Sanakumanenso.

Tsiku lina masana, nthawi yosankha fodya, anatulutsa besi ndi kasipika kawo n'kulumikiza ku batire ya galimoto m'chigafa. Anaika wailesi ya kaseti pa belo la fodya, n'kundiuza kuti ndithamangitse nkhuku ndi kutenga mwana ndipite naye kuseri. Anaimba nyimbo yonseyo okha mpaka mbali yoyamba inadzaza. Atatha anatembenuza kaseti n'kudinanso batani lofiira osandiuza. Tinakhala pansi n'kumasankha fodya, tikucheza monga mwa masiku onse, wailesi ikutijambula. Tinakamba za mbuzi yathu imene inalowa m'dimba la eni ake, za nsapato za mwana, ndipo iwo anasimba mmene anagwera mumtsinje ndi njinga yomwe pobwera ku msika. Titaweruka anatsegula wailesi kuti ndimve. Aka kanali koyamba kumva mawu anga ali kunja kwa thupi langa. Ndinakwiya, ndinati afufute. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo sanafufute.

Papita zaka zingapo tsopano chimwalirireni. Anamwalirira ku chipatala cha ku Mtengowanthenga atadwala miyezi yambiri. Masiku omaliza sankalankhula. Koma zala za dzanja lawo lamanzere zinkayenda pa bulangeti, kukwera ndi kutsika, kudina apa ndi apo. Namwino wina wachifundo anandifunsa ngati akufuna chinachake. Ndinati ayi, akuimba.

Popeza ndinali wa chitengwa, itatha miyezi ya maliro abale awo anandisudzula kuti ndibwerere kwathu. Sanandichite nkhanza. Anagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Besi inapita kwa mng'ono wawo, njinga kwa mphwawo wamkulu, wailesi ya kaseti kwa mphwawo wina. Ine anandipatsa ziwiya, zofunda ndi mbewu. Makaseti onse anali m'katoni imene inatsagana ndi wailesi. Koma m'mawa wa tsikulo ndinali nditatulutsamo imodzi n'kuikwirira m'thumba la nyemba. Sindinabepo chinthu china moyo wanga wonse, ndipo chimenechi mpaka lero sindinalape.

Nditafika kwathu ndinada nkhawa ndi posungira. Nyumba imene achimwene anga anandimangira ndi yofolera udzu. Makoswe anali atandidyera kale buku la nyimbo za m'tchalitchi, mphemvu zimalowa paliponse, chiswe nacho sichigona. Chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa kuti chimasunga zinthu chaka ndi chaka ndi phulusa. Mbewu ya nyemba ndi khobwe kwathu timaisunga mumtsuko wa phulusa losefa, anankafumbwe osayandikira. Ndinakulunga kaseti m'kansalu, n'kuiika pakati pa mbewu, n'kuthira phulusa, n'kumata pakamwa pa mtsuko ndi dothi. Chaka chilichonse potulutsa mbewu ndinkaiona, kuipukuta, n'kuibwezeramo ndi phulusa latsopano.

Poimvera ndinalibe. Poyamba sindinadandaule, chifukwa mawu awo ndinali nawo m'mutu. Ndikamalima ndinkawamva akundiitana. Koma chaka chachitatu kapena chachinayi ndinazindikira kuti mawuwo akuchoka. Nkhope ndinali nayo pa chithunzi cha ukwati. Kayendedwe ndinkakaona mwa mwana wathu wamwamuna asanapite ku Joni. Koma ndikayesa kukumbukira mmene ankatchulira mawu, zonena zake zinkabwera, mawu eniakewo osabwera. Ndinkangodzimva ndekha ndikuwatsanzira.

Ndinafunsafunsa m'mudzi ngati pali wina amene akadali ndi wailesi ya kaseti. Anthu anandiseka, anati masiku ano nyimbo zili m'mafoni. Munthu mmodzi wokonza njinga anali nayo, koma anandichenjeza yekha kuti imatafuna makaseti. Ndinabwerera kunyumba ndi kaseti yanga osaiika. Ndinkadzitonthoza kuti mawu a amuna anga ali mumtsuko, ali bwino, tsiku lina ndidzawamva.

Chaka chatha, chimanga chili kale m'nkhokwe, ndinali pakhonde ndikusenda mtedza pamene njinga yamoto inaima pansi pa mtunda. Anatsika mkulu wa imvi mutu wonse, ali ndi ndodo. Anakwera mtundawo mopumira.

"Odi kuno! Kodi alamu anga mukadalipo, kapena mapiriwa anakumezani?"

Ndinawazindikira ndi kuseka kwawo. "Aphunzitsi! Ine ndimayesa munapita kalekale."

"Anandiitana, koma ndinawauza kuti nyimbo sinathe."

Ndinawayalira mphasa, tinapatsana moni, tinatchula amene anamwalira mbali zonse ziwiri. Atamwa thobwa anafotokoza chimene anabwerera. Anatsala atatu m'bandi muja, iwo, akalaliki ndi wa gitala yaing'ono, onse opuma pa ntchito. Akalaliki anakonza chipinda chojambuliramo nyimbo kunyumba kwawo ku Lilongwe. Patapita zaka zoposa makumi awiri ali chete, anagwirizana zotulutsa chimbale chatsopano, ndipo ankafuna kuti nyimbo yaikulu ya m'chimbalecho ikhale ya amuna anga, ndi besi yawo yomwe.

"Vuto n'lakuti palibe akuikumbukira yonse," anatero. "Ine ndili ndi mutu wake, akalaliki ali ndi mchira, koma tikalumikiza ikutuluka nyama ina. Malemu anandiuzapo kuti anaijambula. Ndiye tinayambira ku Chezi, kwa eni mbumba, monga kuyenera. Tinakhuthula katoni yonse, mulibe. Alongo a malemu ndi amene anatiuza kuti, 'Kafunseni mlamu wanga ku Ntchisi. Thumba la nyemba lija analisenza yekha, osalola munthu kuligwira.'"

Ndinachita manyazi. Ndiye kuti mayi amene uja ankadziwa zaka zonsezi, osanena kanthu.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa mtsuko. Ndinaswa dothi la pakamwa, ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa kansalu kaja. Pokafunyulula, phulusa linawuluka. Aphunzitsi anailandira kaseti ndi manja awiri, n'kuiyang'ana pa dzuwa. Anaigwedeza pang'ono, ndipo kafumbi koyera kanatsika kuchokera m'mabowo ake.

"Alamu, mwaisunga ngati nyemba."

"Nanga ndikanaisunga ngati chiyani? Onani, palibe chimene chinailuma."

"Zoona, palibe chinailuma," anatero. Koma nkhope yawo inandiuza kuti pali chimene ndalakwitsa.

Anapempha kuti apite nayo, adzandibwezera. Ndinakana. Ndinawauza za mbali yachiwiri, kuti kuli amuna anga akulankhula ndi kuseka, ndipo palibenso kwina kulikonse pa dziko lapansi kumene kuli mawu awo. Ndinati kumene ikupita kasetiyi ndikupita nawo, ndipo tsiku limene idzalire ndidzakhale pomwepo.

"Mukuopa kuti ndikakuberani?"

"Wakuba amadziwa kuti akuba aliko."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera.

Tinanyamuka sabata yotsatira m'mamawa, pa njinga yamoto mpaka pa msewu, kenako minibasi. Kaseti ndinaimangirira m'chiuno, m'kati mwa chitenje. Tinafika kunyumba kwa akalaliki dzuwa lili pamutu. Nawonso anali atakalamba, atavala magalasi ochindikala. Wa gitala uja analipo, tsopano ndi mkulu wa mpingo, ndipo anandipatsa moni ngati tili pa khomo la tchalitchi. Chipinda chojambuliramo chinali kuseri kwa nyumba. Makoma onse anawamata ndi matireyi a mazira, ndipo mukalankhula mawu amangofera pakamwa.

Akalaliki anamasula kaseti ndi kasikuludilaiva kakang'ono, n'kuitsegula pa nsalu yoyera. Anatenga nthenga ya nkhuku n'kumasesa phulusa pang'onopang'ono. Kenako anakhudza lamba wa m'kati mwa kaseti ndi thonje, n'kundionetsa. Thonjelo linali litasanduka lofiirira.

"Mayi, mukuona chofiirirachi? Mawu amakhala m'menemu. Phulusa lalowa pakati pa lamba n'kumamukwecha zaka zonsezi, kutentha nako kwathandizira. Akusupuka. Akamadutsa m'makina, zina zizitsalira momwemo."

"Ndiye kuti siilira?"

"Ilira. Kamodzi ndikukhulupirira kuti ilira, ndipo ikamalira kompyuta izikopera, zimenezo sizidzatayikanso. Koma kachiwiri sindikulonjeza. Mbali zonse ziwiri zili pa lamba mmodzi yemweyu. Tikaliza mbali ina, inzakeyo ikusupuka nawo."

Ndinafunsa kuti anenenso, ndipo ananenanso. Ndinamva. Nyimbo inali mbali yoyamba, mawu a amuna anga mbali yachiwiri. Imene iyambe ndi imene ipulumuke.

Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki manja ali pa maondo. Ndinaganiza za chaka ndi chaka chimene ndinkasefa phulusa latsopano, ndikuyesa kuti ndikuchita bwino. Palibe amene anandidzudzula. Zikanakhala bwino akanandidzudzula.

Mkulu wa mpingo uja anayamba kunena kuti nyimboyo ndi ya anthu ambiri, koma aphunzitsi anamudula.

"Akulu, ulaliki Lamulungu. Kaseti ndi ya alamuwa." Anatembenukira kwa ine. "Mukanena kuti tiyambe yachiwiri, tiyamba yachiwiri, ndipo palibe adzakunenani. Chimbale chili ndi nyimbo zina. Ife tinazolowera kuimbira anthu osavina, tingalephere kuimba opanda besi?"

Ankaseka.

Ndinapempha kuti nditulukeko. Kuseri kunali mtengo wa mapeyala ndi chingwe choyanikapo zovala. Ndinaima pamenepo. Chimene ndinachokera kwathu ndinkachidziwa. Sindinabwerere chimbale. Ndinabwera kuti ndimve mwamuna wanga akunena za mbuzi. Ndinali nditadikira zaka zonse zija, ndipo panangotsala kulowa m'chipinda n'kunena mawu amodzi.

Koma ndinakumbukira bulangeti la ku chipatala. Pamene pakamwa pawo panatseka, sanavutike kufuna kundiuza kanthu. Zimene anali nazo zondiuza anali atandiuza kale m'zaka zathu zonse. Chimene chinatsala chikuvutika kutuluka chinali m'zala. Ine ndinali pomwepo, ndinaona zalazo zikufuna nsambo pa bulangeti, ndipo sindinathe kuwathandiza. Nkhani ya mbuzi inamveka kale, ine ndinaimva, ndinaiyankha. Nyimbo ija sinamvekepo kwa munthu koma kamodzi kwa anzawo, ndi kwa ine ndili kuseri kwa chigafa ndikuthamangitsa nkhuku.

Ndinenenso zoona, mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kakuti akalaliki akungoopseza, monga amachitira a chipatala, ndipo mbali zonse ziwiri zituluka. Chikanakhala kuti kachiyembekezoko panalibe, sindikudziwa ngati ndikananena zimene ndinanena.

Ndinalowa n'kunena kuti, "Yambani ndi nyimbo."

Aphunzitsi anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Akalaliki anabwezera lamba m'chikhokho chake, anapukuta makina ndi sipiriti, n'kudina batani.

Poyamba kunamveka phokoso lokhalokha, ngati mvula yowaza pa malata. Kenako nkhuku inalira patali. Kenako munthu anakonza kukhosi, kawiri, koyamba mofupika, kachiwiri mokoka pang'ono. Ndinali nditaiwaliratu kuti ankatero. Ankatero asanayambe pemphero la chakudya, asanakweze thumba paphewa, asanandiuze nkhani yovuta. Zaka zonse zimene ndinkasakasaka mawu awo m'mutu mwanga, kakhosi kameneka sikanabwerepo ngakhale kamodzi.

Kenako besi inayamba. Inkayenda yokha, pansipansi, ngati munthu wokwera phiri ndi katundu. Pena inkaima, n'kumveka zala zikutsetsereka pa nsambo. Aphunzitsi anayamba kugunda bondo ndi chikhatho, n'kusokonezeka pamene nyimbo inakhota, n'kunong'ona kuti, "Wandigwetsa, mfiti iwe, ndi apa unkapita?" Mkulu wa mpingo anatseka maso, zala zake zikuyenda m'malere. Akalaliki sanachotse maso pa makina. Malo ena mawu ankazimirira n'kubwereranso, koma nyimbo inayenda mpaka kumapeto, batani n'kudumpha lokha.

Akalaliki anatulutsa kaseti n'kupukutanso makina. Thonje loyamba linada, lachiwiri linada, lachitatu lomwe. Sanandiyang'ane. Anatembenuza kaseti n'kuibwezeramo.

Phokoso la mvula lija linali lalikulu tsopano. M'kati mwake ndinamva mawu a mkazi, akuthwa, achitsikana. Ndinali ineyo. Tsiku lija ndinakhala moyandikira belo limene panali wailesi, ndipo mawu anga ndi okwera. Ndinadzimva ndikunena kuti, "Inu, mbuzi ija mukaimangirire, eni dimba abweranso." Pamene panayenera kubwera yankho panangomveka chinthu chonga munthu wolankhulira m'nyumba ina chitseko chili chotseka. Unkadziwa kuti pali mwamuna akulankhula, koma osagwira liwu ngakhale limodzi. Kenako ine: "Nsapatozo zamuthina kale." Kenako mvula. Zinapitirira choncho. Chakumapeto kunali kanthawi kotalika ka mvula yokhayokha, ndipo ndinadziwa kuti apa m'pamene akusimba za kugwera mumtsinje. Kenako mtsikana uja anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupuma movutika. Ankaseka yekha.

Ndinamvetsera mpaka batani linadumpha. Akalaliki anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yaitali. Kenako anayesa pa kompyuta masana onse, kukweza apa, kutsitsa apo. Akachotsa mvula, mwamuna uja ankachoka nayo limodzi. Dzuwa litapendeka ndinawauza kuti asiye.

"Mayi, mundikhululukire," anatero.

"Phulusa munathira ndinu?"

Anapukusa mutu. Kenako, pofuna kupeza chonena, anayamba kundifotokozera mmene adzakonzere nyimbo ija. Anati malo ozimirira adzawakwirira ndi kiyibodi, ng'oma ndi gitala adzaziika pamwamba pa besi, ndipo zinyalala za poyambira, nkhuku ndi kutsokomola, adzazidula kuti iyambe bwino.

"Nkhuku dulani," ndinatero. "Kukhosiko musakhudze."

"Pa wailesi anthu adzayesa kuti tinalakwitsa."

"Adzayese."

Aphunzitsi anamenya ndodo pansi. "Wamva, kalaliki? Eni nyimbo alankhula. Ukadula, ng'oma ukaimbe wekha."

Ndinagona kwa akalaliki, akazi awo anandisamala bwino, ndipo m'mawa ndinabwerera kwathu. Kaseti anandibwezera. Ili pa shelefu, yopanda nsalu, poti palibenso choti chidyedwe.

Masiku oyamba ndinali wokwiya, koma osadziwa wokwiyira. Ndinkadzuka, kusesa, kupita ku dimba, kubwera. Anzanga a ku mpingo atandifunsa za ulendo wa ku Lilongwe ndinangoti ndinayenda bwino. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Kasungu, nditamuuza pa foni analira, n'kunena kuti ndikanayamba ndi mbali yachiwiri, chifukwa ana ake sanawamvepo agogo awo. Sindinamutsutse. Mwina akunena zoona. Pali masiku amene inenso ndimaganiza choncho, makamaka ndikamadya ndekha.

Chimbale chinatuluka mvula yoyamba itagwa. Anakonza phwando lokhazikitsira ku Lilongwe ndipo anandiitana, koma inali sabata yodzala, ndipo mbewu siidikira munthu. Patapita masiku aphunzitsi anatumiza envulopu kudzera kwa woyendetsa njinga yamoto. Munali chimbale chenichenicho, chozungulira chonyezimira, chimene ndilibe polizira, ndi kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo koika m'foni. Pa chikuto panali madala atatu ataima m'munda wa fodya, ndi mpando umodzi wopanda munthu atatsamiritsapo besi. Ndinaizindikira ndi chipsera cha pambali. Ndiye kuti anakaibwereka kwa mng'ono wa malemu ku Chezi. Aphunzitsi analembamo kakalata kakuti, "Alamu, nyimbo yafika kumene inkapita. Wa pa wailesi anaidula pakati kuti awerenge uthenga wa maliro, koma tamukhululukira."

Kakhadiko anandiikira m'foni ndi mayi wa pa golosale amene amatitchajira mafoni pa sola. Anandionetsa batani lodina. Ndinadikira mpaka nditafika kunyumba.

Nyimbo zina za m'chimbalemo ndi zabwino, ngakhale mawu a madalawo atopa. Ya amuna anga ndi yomaliza, ndipo ndi yaitali kuposa zonse. Anzawo anaimanga bwino. Ng'oma zimalowa mochedwa, ngati munthu wogogoda asanalowe m'nyumba ya eni. Kiyibodi imamveka ngati limba la ku mishoni. Pena onse atatu amasiya, n'kutsala besi yokha ndi kamvula kaja kumbuyo kwake, chifukwa akalaliki sanathe kukachotsa konse. Kasipika ka foni ndi kakang'ono, besi siituluka bwino. Ndinapeza kuti ndikaika foni m'beseni lachitsulo imamveka mokulirapo, ndipo ndikaigwirizitsa pachifuwa ndimaimva ikugunda.

Mawu awo sanabwerere. Ndinkayembekeza kuti mwina kakhosi kaja kadzakoka ena onse, monga ukakoka mpheto ya dzungu imabwera ndi zinzake, koma ayi. Mmene ankanditchulira, mmene ankasekera, zinapita. Ndili ndi kukonza kukhosi kawiri, ndi nyimbo.

Tsiku lina masana ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, foni ili m'beseni. Anabwera mnzanga wa nyumba yapafupi, wamasiye ngati ine, kudzabwereka sefa. Anafika nyimbo ikuyamba kumene.

"Iii, ndani akutsokomola m'beseni?"

"Ndi bambo a kwathu."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana beseni. Anakhala pansi pa mphasa osaitanidwa.

"Anali ndi chifuwa?"

"Ayi. Ankatero akafuna kuyamba chinthu."

Anamvetsera pang'ono, mutu uli chopendekera. "Nanga saimba mawu?"

"Saimba."

"Ayi ndithu," anatero. Anakokera lichero pakati pathu n'kuyamba kusankha nawo nyemba. Anakhala mpaka pamene ng'oma zimalowa, kenako anakumbukira kuti wasiya madzi pamoto, anatenga sefa n'kumapita. Ine ndinatsala ndi nyemba zanga, ndipo nyimbo inali isanafike ndi pakati pomwe.